Wosewera wachinyamata samuyeza ndi mapointi okha

Ndikafuna kudziwa ngati mnyamata wa Matero Magic ya ku Lusaka akukhwima pa basiketibolo, sindiyambira pa mapointi. Ndimaona nthawi imene mphunzitsi amamulowetsa. Akamusiya m'bwalo m'gawo lachinayi zinthu zitathina, ndiye kuti amamudalira. Ndimaonanso ngati amalimbirana mpira ukagunda chitsulo n'kubwerera, komanso ngati dzanja lake lofooka likuyendetsa bwino mpira kuposa chaka chatha.

Chiyambire ligi ya basiketibolo ya BAL ku Kigali mu 2021, matimu a m'Africa ali ndi poonetsera achinyamata awo, koma luso limamangidwa kusukulu. Aphunzitsi athu, yezani ana ndi muyezo womwewu, pakuti m'mera m'poyamba.