Kodi mumadziwa? Injini yonoka imadzukanso

Njinga zamoto zambiri za kabaza zimene mumakwera pa Njuli, pa Mbulumbuzi kapena pa boma la Chiradzulu zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Oyiloyu akachepa kapena akada ndi fumbi, pisitoni imatentha n'kukanirira mu silinda, mabeyaring'i nawo n'kudyeka. Apa ndi pamene amakaniko amati injini yanoka.

Injini yotere si yotaya ayi. Makaniko amaimasula yonse, silinda yokalika amaikuza pang'ono pa makina n'kuikamo pisitoni yokulirapo ndi maring'i atsopano, apo ayi amangosintha silinda yonseyo. Choopsa ndi tizidutswa tachitsulo totsalira mkati, chifukwa timadyanso zipangizo zatsopanozo.

Eni njinga, onetsetsani kuti mkati mwatsukidwa bwino. Masiku oyamba yendetsani pang'onopang'ono, musasenzetse katundu wolemera, ndipo oyilo woyambayo musinthe msanga.