Zowonjezera m'chakudya cha ana a nsomba: zimathandiza liti?

Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018, mabanja ambiri ku Machinga anasowa ndiwo yomwe amadalira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe alimi ku Machinga ndi Balaka amawetera makumba, chilunguni ndi mlamba m'madamu. Nkhaniyi ikutikhudza ife azaumoyo chifukwa kafukufuku wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo nsomba ndi chakudya chomanga thupi chomwe chingathandize kuchepetsa vutoli.

Nsomba zimafa kwambiri zikadali zazing'ono, chitetezo cha m'thupi chisanakhwime. Pofuna kuchepetsa imfazi, akatswiri amayesa kuwonjezera zinthu zina m'chakudya, monga mavitamini C ndi E, yisiti, komanso mabakiteriya abwino a mtundu wa Bacillus ndi Lactobacillus omwe amalimbirana malo m'matumbo ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ku Iran ndi ku China, kafukufuku wotere amachitika kwambiri pa sturgeon, nsomba yowetedwa chifukwa cha mazira ake odula.

Komabe zotsatira za kumeneko sitingangozitengera kuno. Mwachitsanzo, sturgeon imatha kupanga yokha vitamini C, pomwe makumba ndi mlamba amaupeza m'chakudya basi. Kuonjezera apo, nsomba za mu kafukufuku zimakhala zikudya kale chakudya chokwanira, pamene alimi athu ambiri amadyetsa madeya okha. Madeya ali ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 10 pa 100, koma ana a nsomba amafuna magawo oposa 30. Zowonjezera sizingatseke mpata umenewu.

Choncho, mukamacheza ndi alimi, yambani ndi zomwe angakwanitse. Asakanize madeya ndi soya wokazinga, chifukwa soya wamuwisi amasokoneza kagayidwe ka chakudya. Athire manyowa m'damu kuti madzi abiriwire, popeza tizomera tam'madzi ndi chakudya cha ana a nsomba. Ataye madeya achuku, chifukwa poizoni wa aflatoxin amafooketsa chitetezo cha nsomba monga amachitira kwa munthu.

Chenjezo lalikulu ndi lakuti maantibayotiki, monga amoxicillin ndi tetracycline, si zowonjezera m'chakudya. Kuwathira m'damu kumapangitsa kuti mabakiteriya ayambe kupima mankhwala, ndipo mabakiteriyawo angathe kufika kwa anthu kudzera m'madzi ndi m'nsomba. Matenda a zilonda a EUS, omwe anabuka ku Mchinji mu 2020, samva maantibayotiki chifukwa sayambitsidwa ndi mabakiteriya.

Mlimi akaona nsomba zazilonda kapena zikufa zambiri, asazidye, asazigulitse, ndipo asazisamutsire ku damu lina. Adziwitse mlangizi wa za nsomba wa m'dera lake mwachangu. Wofuna malangizo a mbewu ya nsomba ndi kasakanizidwe ka chakudya angafunsenso ku National Aquaculture Centre ku Domasi, m'boma la Zomba.