KHUNGU LA MADZI NDI SINGANO YOLIYESA

Nkhani yathu ya madzulo ano iyambira ku Chinyunyu. Mukacoka mu Lusaka pa mseu waukuru wa ku Chipata, mutapitirira Chongwe koma musanafike ku Rufunsa, mudzapeza kasupe pafupi ndi mseu. Madzi ace aturuka pansi ali otentha, ndipo m'mamawa nthunzi yace ioneka bwino. Kodi madzi amenewa asiyana ndi a m'citsime pa kutentha pokha? Iai. Kulipo kusiyana kwina kumene maso saona: khungu lao ndi lofooka.

Mwina mudabwa kumva kuti madzi ali ndi khungu. Yesani ici kwanu. Thirani madzi m'mbale, ikani kapepala pamwamba, ndipo pa kapepalapo gonekani singano youma. Kapepala kadzanyowa ndi kumira, koma singano idzatsala pamwamba, cinkana ndi yacitsulo. Tsono donthezeranimo sopo pang'ono: singano idzamira.

Cifukwa cace ndi ici. Madzi apangidwa ndi tizidutswa tating'ono-ting'ono timene tikokana. Kadutswa ka pakati kakokedwa ndi anzace mbali zonse, koma ka pamwamba kalibe anzace kumwamba. Motero ta pamwamba tonse tikokedwera m'kati, ndipo pamwamba pa madzi pakungika monga cikopa ca ng'oma. Kukungika kumeneku pa Cingelezi amati surface tension.

Mphamvu ya khunguli iyesedwa. M'madzi ozizira, pa mzere wautali mita 1, khungu likoka ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa magalamu 7. M'madzi owira itsika kufika magalamu 6. Madzi otentha onga a ku Chinyunyu ali pakati pa ziwirizi. Koma sopo aitsitsa kufika magalamu 3. Ndico cifukwa cace amai pocapa sadalira moto wokha: khungu likafooka, madzi alowa msanga pakati pa ulusi wa nsaru ndi kufika pamene pali litsiro.

Njira yoyesera ndi yakale. M'caka ca 1863 Ludwig Wilhelmy wa ku Germany anafotokoza za kubviika kacipande kopyapyala m'madzi ndi kuyesa pa sikelo m'mene madzi akakokera pansi. Njirayi ndi yabwino, koma ifuna madzi ambiri ndithu. Nanga ngati muli ndi dontho limodzi lokha?

Yankho linadza ndi makina ochedwa atomic force microscope, amene Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber analengeza m'caka ca 1986. Makinawa sapenya ndi galasi ai. Apapasa, monga wakhungu acita ndi ndodo yace. Ali ndi kamkono kakang'ono kopindika msanga, ndipo kunsonga kwace kuli kasingano. Kuwala kwa laser kugunda pamsana pa kamkonoko ndi kubwerera ku coyesera; kamkono kakapindika ngakhale pang'ono, kuwala kusuntha, ndipo makina alemba kukula kwa mphamvu imene yakapinda.

Poyesa khungu, akatswiri agwiritsa nchito kasingano koonda kuposa tsitsi nthawi mazana angapo. Akatsitsa kufikira kakhudza dontho. Pomwepo madzi akwera pa kasingano ndi kukakokera pansi. Tsono akakweza pang'ono-pang'ono kufikira madzi ataduka. Podziwa mphamvu imene madzi anakoka nayo, ndiponso kukula kwa kasingano mozungulira, agawa ciwerengero coyamba ndi caciwiri, napeza mphamvu ya khungu. Ndi nzeru yomweyo ya Wilhelmy, koma sikelo yace yacepa koposa.

Inu a m'migodi ya mkuwa, nkhani iyi ndi yanu. Mwala umene mukumba pansi uli ndi mkuwa wocepa. Wocuruka ndi mwala cabe. Ku concentrator aupera kufikira usanduka thope, athiramo mankhwala, napopera mpweya. Mankhwala ena acititsa tizidutswa ta mkuwa kukana madzi, kotero timamatira ku thobvu ndi kukwera nalo. Ena afooketsa khungu ndi kulimbitsa thobvu kuti lisaphulike lisanafike pamwamba. Muyeso wa mankhwala ukalakwika, mkuwa umene munautuluka thukuta upita ndi thope lotayidwa. Kuyambira m'caka ca 1994 akatswiri amata kamwala kamodzi pa kamkono ka makina aja, nakasendeza ku thobvu limodzi, kuti adziwe mphamvu imene ziwirizi zikokana nayo kapena kukankhana.

Cotero mukadzadutsa pa Chinyunyu, tungani madzi otenthawo m'mbale ndi kuyesapo singano yanu, ndipo mulembere kuno kutiuza cimene munaona. Gonani bwino nonse.