Kulowa Koleji ya Zaka Ziwiri ku Amereka

Ku Amereka kuli mtundu wina wa sukulu zapamwamba umene eni ace amaucha community college, ndiko kunena koleji ya anthu a m'dera. Maphunziro ace ndi a zaka ziwiri, ndipo ophunzira ambiri sagona pasukulu iai. Amacokera kunyumba kwao, ena atagwira kale nchito tsiku lonse m'fakitale kapena m'sitolo. Yakale koposa mwa makoleji a boma otere ndiyo Joliet Junior College, m'cigawo ca Illinois, imene inayamba mu 1901 ndi ophunzira 6 okha. Mu 1947 bungwe limene Pulezidenti Truman anaika kuti lifufuze za maphunziro linalangiza kuti makoleji otere acuruke, kuti munthu asalephere kuphunzira cifukwa ca kutalika kwa ulendo kapena kucepa kwa ndalama. Lero alipo pafupifupi 1,000.

Makoleji amenewa amachuka ndi khomo lotsegula. Munthu amene anatsiriza sukulu ya sekondale, kapena amene anakhoza mayeso a akulu ochedwa GED, kawirikawiri amalandiridwa popanda mpikisano. Koma kulandiridwa sindiko kukhala m'kalasi. Pakati pa ziwirizi pali makwerero angapo, ndipo alipo anthu amene kalata yowabvomera anailandira, koma buku sanalitsegule, cifukwa anapunthwa pa makwerero amenewa.

Coyamba ndico kulemba fomu yopempha malo, ndipo masiku ano imalembedwa pa intaneti. Koleji imapatsa wopemphayo nambala yace, nimfunsa cikalata coonetsa m'mene anakhozera ku sekondale. Imafunsanso kumene amakhala, ndipo funso limeneli n'la ndalama. Ku California, kumene kuli makoleji otere 116, mwini dera amalipira madola 46 pa muyeso uli wonse wa maphunziro, mtengo umene unaikidwa mu 2012. Wocokera kwina amalipira kangapo kuposa pamenepo. Cotero wopempha ayenera kukhala ndi mapepala otsimikiza kuti wakhala m'cigawomo caka cathunthu.

Pambuyo pace pali fomu ya cithandizo ca ndalama, yochedwa FAFSA, imene imalembedwa caka ndi caka. Amene apezeka osauka amalandira mphatso ya boma ya Pell Grant, imene m'caka ca sukulu ca 2024 mpaka 2025 inafika madola 7,395 kwa wolandira zambiri. Mphatso imeneyi sibwezedwa, koma ngongole imene imaperekedwa pamodzi nayo imabwezedwa ndi ciongoladzanja, ndipo wanzeru amawerenga bwino asanasaine. Mlendo wobwera ndi ciphaso ca wophunzira salandira cithandizo cimeneci. Iye amayamba waonetsa kuti ndalama zodzilipirira ali nazo.

Pobvuta penipeni ndi pa kuyesa msinkhu wa wophunzira pa masamu ndi Cingelezi. Kwa zaka zambiri makoleji anali kumkhazika watsopano pa mayeso amodzi, monga ochedwa Accuplacer, ndipo zotuluka zace ndizo zinali kunena kalasi loyambira. Tsono munthu amene anasiya sukulu zaka khumi zapitazo, nabwera osakonzeka, amapezeka ataiwala masamu amene kale anali kuwadziwa bwino. Wotere anali kubwezedwa ku makalasi obwereza za ku sekondale, amene amadya ndalama ndi nthawi koma osawerengedwa pa digiri. Ambiri anatopera m'makalasi amenewo. Cifukwa ca ici California inapanga lamulo mu 2017, lochedwa AB 705, lakuti makoleji aziyang'ana m'mene munthu anakhozera ku sekondale zaka zonse, osati pa mayeso a tsiku limodzi okha. Kumene mayeso akalipo, wodzikonda amabwereza mabuku ace masabata angapo asanakalembe. Kupita cimanjamanja ndiko kudzigulira caka cina ca sukulu.

Kenaka pamabwera tsiku la malangizo, limene iwo amalicha orientation. Anthu a pa mgodi adzalimva msanga tanthauzo lace, pakuti wolembedwa kumene satsikira pansi tsiku loyamba. Amayamba waphunzitsidwa malamulo, njira ndi zizindikiro za ngozi. Momwemonso ku koleji. Atsopano amasonkhanitsidwa m'holo, kapena amatsata malangizowo pa kompyuta, naonetsedwa nyumba ya mabuku, ofesi ya ndalama ndi cipinda cimene wobvutika ndi phunziro amathandizidwako kwaulere.

Cacikulu pa tsikuli ndico kuphunzira mawerengedwe a koleji. Maphunziro amayesedwa ndi muyeso uja wochulidwa kale, umene dzina lace ndi credit. Phunziro limodzi kawirikawiri liri ndi 3. Wotenga 12 pa teremu amawerengedwa wophunzira wa nthawi zonse. Digiri ya zaka ziwiri imafuna pafupifupi 60. Aphunzitsi amati ola limodzi la m'kalasi lifuna maola awiri a kuwerenga kunyumba. Ndiye kuti wa 12 uja wadzisenzetsa maola 36 pa sabata, pafupifupi nchito ina yathunthu. Ndipo bambo wa banja amene amagwira nchito ya usiku acita bwino kuyamba ndi maphunziro awiri okha. Amauzidwanso tsiku lomariza limene munthu angasiye phunziro nabwezeredwa ndalama zace. Woleka kubwera m'kalasi mwakacetecete, osalemba kuti wasiya, amalembedwa kuti walephera, ndipo kulephera kukacuruka cithandizo ca boma cimaimitsidwa.

Ena amayesa tsikuli ngati mwambo cabe, nalinyozera. Ku California kunyozera kumeneku kuli ndi mtengo wace, pakuti kutsata lamulo la 2012, amene anapita ku malangizo nakonza dongosolo la maphunziro ao ndiwo amaloledwa kusankha makalasi anzao asanayambe.

Dongosolo limenelo amakonza ndi mlangizi wa pakoleji. Funso la mlangizi n'lakuti munthuyo akufuna luso la manja, monga kuwocherera zitsulo, zamagetsi kapena unamwino, kapena akufuna kudzapitiriza ku yunivesite atatha zaka ziwirizo. Wofuna yunivesite ayenera kufunsitsa za phunziro liri lonse ngati yunivesiteyo idzalibvomera, cifukwa si onse amene amawerengedwa kumeneko. Wofuna unamwino adziwe kuti pamenepo khomo n'lopapatiza: malo ndi ocepa, ndipo amasankha okhoza bwino.

Akatha kwa mlangizi amalembetsa makalasi ace, nalipira tsiku loikika lisanapite, pakuti makoleji ambiri amafafaniza dzina la wocedwa kulipira ndi kupatsa malo ace kwa wina amene ali pa mndandanda wodikira. Makalasi a madzulo, amene anthu a pa nchito amawalimbirana, sacedwa kudzala.