Mphunzitsi Amene Anafufuza Mbiri ya Ufumu wa Undi

Caka ndi caka, m'mwezi wa Ogasiti, mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ambiri amene amapita ku mwambowu sadziwa kuti mbiri ya ufumu umenewu inalembedwa ndi munthu wa ku America, dzina lao Harry Langworthy.

Nchito ya Bambo Langworthy inali yobvuta kweni-kweni. Akatswiri ofufuza za maufumu akale monga a Persia ndi Armenia amawerenga mau ozokotedwa pamiyala ndi mabuku olembedwa pazikopa. Koma Acewa akale sanasiye mabuku. Mbiri yao inali kusungidwa m'mitu ya mafumu, nduna ndi nkhalamba za m'midzi. Motero m'zaka za m'ma 1960 Bambo Langworthy anakhala pansi ndi akulu-akulu, nalemba zimene iwo anali kukumbukira, nazilinganiza ndi zolemba za Apwitikizi amene anali kucita malonda ku Tete.

M'caka ca 1969 yunivesite ya Boston inawapatsa digiri ya udokotala cifukwa ca nchito yofotokoza ufumu wa Undi kufikira 1890. M'caka ca 1972 anatulutsa buku lochedwa Zambia Before 1890, ndipo kwa zaka zambiri anaphunzitsa mbiri ya Africa pa yunivesite ya Cleveland State.

Kodi anapeza ciani? Iwo anaonetsa kuti Undi, atapatukana ndi Kalonga wa ku Malawi, anakhazika likulu lace ku Mano, dera limene lero lili m'Mozambique. Mphamvu yace siinali m'mikondo mokha ai. Mafumu ang'ono-ang'ono anali kupereka mitulo ya minyanga ya njobvu ndi zikopa za mikango, ndipo Undi anali kugawira anthu ace nsaru ndi mikanda yocokera ku malonda. Kacisi wa mvula wa Makewana ku Msinja nayenso anali kumanga anthu pamodzi. Ufumu unayamba kufooka pamene Apwitikizi anadza kudzakumba golide, Acikunda nayamba kupha njobvu ndi kugwira akapolo osapempha kwa mwini dziko, ndipo potsiriza Angoni analowa ndi nkhondo.

Bambo Langworthy sanali mlendo weni-weni kumbali yino ya Africa. Iwo anali mdzukulu-tubzi wa mbusa Joseph Booth, amene anafika m'Nyasaland mu 1892 ndipo anapita ndi John Chilembwe ku America mu 1897. Buku lao lotsiriza, lofotokoza moyo wa Booth, linasindikizidwa m'Malawi mu 1996, caka cimene iwo anamwalira.

Pali cinthu cimodzi coyenera kucilingalira. Mabuku onsewa analembedwa m'Cingerezi, ndipo nchito yaikuru ija ya 1969 siipezeka m'nyumba za anthu a kwa Kawaza, kwa Kathumba, kwa Mbang'ombe kapena kwa Pembamoyo ku Vubwi. Ndiponso munthu mmodzi sakanatha kufika m'mudzi uli wonse. Nkhani za m'mene mudzi unayambira, za mbumba imene inaumanga, ndi za njira imene makolo anadzera pocokera ku Mano, zambiri zikali pakamwa pa okalamba okha.

Akale anati mau a akulu amakoma akagonera, koma sagonera ngati palibe wowasunga. Nkhalamba ikamwalira isanafunsidwe, imapita kumanda ndi zonse zimene inali kudziwa. Aphunzitsi, ana a sukulu ndi makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi angathe kuyamba lero lomwe: kope limodzi, pensulo, ndi madzulo amodzi pakhonde la agogo. Zolembedwazo zisungidwe kwa mfumu ya mudzi kapena pasukulu, m'cilankhulo cimene eni mbiri angathe kuwerenga okha.