Gulu la Nyenyezi Zokalamba

Palibe munthu wosadziwa Nsangwe, nyenyezi zija ziunjikana pamodzi ngati anapiye. Magulu otere alipo ambiri kumwamba. Nyenyezi za gulu limodzi zinabadwa nthawi imodzi mu mtambo umodzi wa mpweya ndi pfumbi, koma magulu ambiri sakhalitsa, pakuti mphamvu yokoka ya mitambo yina ya mu Mlalang'amba iwamwaza. Nsangwe ndi gulu la ana, la zaka ngati mamiliyoni 100. Koma liripo gulu lina lochedwa M67, limene lakhala zaka ngati mamiliyoni 4,000, pafupifupi msinkhu wa dzuwa lathu. Charles Messier wa ku France analilemba m'ndandanda wace caka ca 1780. Kuwala kwace kuyenda zaka zoposa 2,500 kuti kufike kuno.

Gululi silioneka ndi maso okha, koma magalasi oonera patali a maso awiri akwanira. Nyengo yace ndi February kufikira April, madzulo, usiku wopanda mwezi ndi mitambo. Mphunzitsi ayang'ane kumpoto napeze nyenyezi ziwiri zowala, Procyon ndi Regulus. M67 iri pafupi ndi pakati pa izo, kutsikira pang'ono kumpoto, pambali pa kanyenyezi ka Acubens. Ayambe wakhala mumdima mphindi 20 kuti maso azolowere, ndipo atsamiritse zigongono pa mpanda kuti manja asanjenjemere. Adzaona kacizimezime konga kautsi. Akayang'ana pambali pace pang'ono kadzaoneka bwino, cifukwa m'mbali mwa diso ndimo mumva msanga kuwala kofooka. Telesikopu yaing'ono igawa kautsiko, nizioneka nyenyezi makumi angapo.

Phunziro lalikuru liri pa maonekedwe. Nyenyezi zowala za Nsangwe nzoyera mobiriwira, pakuti nzazikuru ndi zotentha, ndipo zotere zitha msanga monga moto wa udzu. Mu M67 zonga izo zinatha kale. Zatsala ndizo zonga dzuwa, zoyaka pang'onopang'ono ngati cikuni, ndi zina zimene zafufuma ndi kufiira ndi ukalamba.

Mwana wongouzidwa kuti nyenyezi zibadwa nizikalamba ayesa nthano, naiwala. Koma m'mwezi wa February, Nsangwe isanalowe, ana angathe kuona magulu onse awiri usiku umodzi, ndi kulinganiza okha gulu la ana ndi gulu lokalamba.