Mapiritsi amene lamulo la 1930 silinawaganizire

Mu 1986 masitolo ogulitsa mankhwala ku Brazil anayamba kugulitsa piritsi la zilonda za m'mimba lotchedwa Cytotec, lomwe dzina lake lenileni ndi misoprostol. Kampani ya Searle, yomwe inkalipanga, inalemba chenjezo lakuti mayi woyembekezera asamwe chifukwa angapite padera. Chenjezolo linakhala ngati chikwangwani cholozera njira. Ku Brazil kuchotsa mimba kunali mlandu, monga kulili mpaka lero kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo amayi osauka ankadalira zitsulo, timachubu ndi zitsamba. Mbiri ya piritsili inayenda pakamwa, mayi kuuza mnzake, wogulitsa mankhwala kunong'oneza wogula, popanda dokotala kapena bungwe lililonse kuilalikira. Pofika 1991, ofufuza amene anacheza ndi amayi 803 ogonekedwa m'zipatala za ku Rio de Janeiro atachotsa mimba anapeza kuti 57 mwa 100 alionse anagwiritsa ntchito misoprostol. Madokotala anaonanso chinthu china m'mawodi: amayi ofika ndi mafinya m'chiberekero kapena chiberekero chobooka anayamba kuchepa. Ambiri tsopano ankabwera akutaya magazi, vuto lomwe chipatala chimalithetsa msanga ngati munthu wafika nthawi ikadalipo.

Boma la Brazil silinakondwe. Mu 1991 linakhwimitsa kagulitsidwe ka mankhwalawa, ndipo mu 1998 linalamula kuti azipezeka m'zipatala zokha. Piritsi silinathe. Linangochoka pa shelefu n'kulowa m'matumba a mavenda, mtengo wake unakwera, achinyengo anayamba kugulitsa labodza, ndipo kapepala kofotokoza za mankhwala kanasowa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuyambira pamene mapiritsiwa anatulukira, lamulo loletsa kuchotsa mimba linasiya kugwira ntchito imene olilemba ankafuna. Silingathenso kuletsa mayi amene watsimikiza mtima, chifukwa chimene akufuna n'chaching'ono moti chingabisike m'mphonje ya chitenje. Mphamvu imene latsala nayo ndi yosankha zinthu zitatu zokha: kaya mayiyo apeza mankhwala enieni kapena abodza, kaya amva zoona za kagwiridwe kake kapena zam'maluwa, ndiponso kaya alimba mtima kupita kuchipatala zinthu zikavuta kapena abisala m'nyumba mpaka madzi afike m'khosi.

Kagwiridwe ka mankhwalawa si kovuta kumva. Alipo awiri. Mifepristone, amene anapangidwa ndi kampani ya Roussel-Uclaf ku France ndipo anavomerezedwa kumeneko mu 1988, amatsekereza mphamvu ya m'thupi imene imasunga mimba. Misoprostol amafewetsa khomo la chiberekero ndi kuchititsa kuti chiberekerocho chizifinyika, n'kutulutsa zamkati monga zimachitikira mayi akapita padera mwachilengedwe. Akagwiritsidwa ntchito pamodzi m'masabata oyambirira, amagwira kwa amayi pafupifupi 95 mwa 100 kapena kuposa. Misoprostol payekha amagwiranso, koma amalephera kawirikawiri kuposa akakhala awiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2005, ndipo mu Malichi 2022 linatulutsa malangizo onena kuti mimba isanakwane masabata 12, mayi angathe kumwa yekha kunyumba, bola akhale ndi uthenga wolondola, mankhwala enieni, ndi chipatala chothamangirako pakafunika. Mawu akuti "bola" amenewo ndi olemera kuposa chiganizo chonsecho, ndipo ndi omwewo amene lamulo loletsa limachotsa.

Kuno ku Malawi nkhaniyi si yachilendo. Malamulo athu a milandu, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1930 m'nthawi ya atsamunda, amati wochotsa mnzake mimba angakhale kundende zaka 14, mayi wodzichotsa yekha zaka 7, ndipo wopereka mankhwala kapena chida zaka 3. Zimenezi zili mu ndime 149, 150 ndi 151. Khomo lokhalo lotsegula m'malamulowa lili mu ndime 243, yomwe imalola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi. Taonani mawuwo: opaleshoni. Olemba lamuloli ankaganiza za mipeni ndi zitsulo, chifukwa piritsi kunalibe. Anatengera lamulo la ku England la 1861, lomwe eni akewo analifewetsa mu 1967. Nanga lamulo lathulo laletsa chiyani? Kafukufuku wa bungwe la Guttmacher pamodzi ndi sukulu ya zaudokotala ya College of Medicine anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno, kutanthauza amayi 38 mwa 1,000 alionse a zaka 15 mpaka 49. Mwa amayiwo, pafupifupi 60 mwa 100 anapeza mavuto ofunika chithandizo, ndipo mmodzi mwa atatu a iwowo sanachilandire. Anamwino ndi azamba a m'mawodi a amayi amadziwa zimene zimatuluka kumeneko: kamtengo ka chinangwa, sopo waufa wosungunula, mankhwala a kwa sing'anga, mapiritsi a malungo omwa mopitirira muyeso.

Misoprostol amapezeka m'zipatala zathu mololedwa, ndipo ayenera kupezeka. Ndi amene amaletsa mayi kutaya magazi ambiri akangobereka, amathandizanso kuyeretsa chiberekero cha amene wapita padera. Safuna firiji, zomwe ndi dalitso ku chipatala chaching'ono cha kumudzi komwe magetsi ndi mlendo. Choncho aliyense amene angafune kuthetsa piritsili m'dziko ayenera kuvomereza kuti aphanso amayi ambiri obereka. Sizingatheke. Ndiye piritsi lilipo ndipo likhalapo, ndipo lina limadontha n'kufika kwa ogulitsa mobisa m'matauni ndi pa foni. Chosowa ndi munthu wodziwa amene angayankhule momasuka. Wogulitsa mobisa safunsa kuti mimba ili ndi masabata angati. Sanena kuti magazi akapitirira muyeso wotani munthu athamangire kuchipatala, kapena kuti kutentha thupi kosaleka ndi fungo loipa ndi zizindikiro za mafinya. Akalandira ndalama, nkhani yatha.

Dziko la Uruguay linaona zomwezi ndipo linasankha njira ina. Mu 2001 madokotala ndi azamba a pa chipatala cha amayi cha Pereira Rossell ku Montevideo, motsogozedwa ndi Leonel Briozzo, anatopa ndi kuona amayi akufa. Kuchotsa mimba kunali mlandu, ndipo iwo sanathyole lamulo: sankapereka mankhwala, sankachotsa mimba. Ankangochita zimene dokotala aliyense ali ndi udindo wochita. Mayi akanena kuti sakufuna mimba, ankamuyeza kuti adziwe kukula kwake ndi pamene yakhala, ankakambirana naye njira zonse kuphatikizapo kuisunga, ankamuuza njira zoopsa zoyenera kupewa ndi zimene sayansi ikudziwa za misoprostol, kenako ankamuuza kuti adzabwerenso, chilichonse chimene wasankha, ndipo chinsinsi chake chinkasungidwa. Unduna wa zaumoyo unavomereza ndondomekoyi mu 2004. Pakati pa 2001 ndi 2005, imfa zoposa gawo limodzi mwa atatu za amayi oyembekezera ku Uruguay zinkachokera ku kuchotsa mimba koopsa. Patapita zaka 10 zinatsika kufika pa 8 mwa 100. Kutsika kwakukulu kunachitika lamulo lisanasinthe, pakuti Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inaloleza kuchotsa mimba mu 2012. Piritsi la ku Brazil ndi la ku Uruguay linali lomwelo. Kusiyana kunali kwakuti kwina namwino ankaopa kutsegula pakamwa, kwina ankaloledwa.

Pali otsutsa, ndipo mfundo zawo si zoseweretsa. Yoyamba ndi ya chikhulupiriro: moyo umayamba mimba ikangokhala, ndiye kuichotsa ndi kupha, kaya ndi chitsulo kaya ndi piritsi. Mu Disembala 2016 a mpingo wa Katolika ndi a mipingo ya m'bungwe la Evangelical Association of Malawi anaguba m'misewu pa mfundo imeneyi, ndipo anthu amenewa sanali achinyengo. Palibe chiwerengero chimene chingagwetse chikhulupiriro chotero, ndipo sindikuyesa kutero. Koma funso la lamulo la milandu ndi losiyana ndi funso la tchimo. Chigololo ndi tchimo ku mipingo yonse, koma sitimangirana. Amene akufuna kuti mimba zochotsedwa zichepe ayenera kufunsa ngati ndende ikuchepetsadi, ndipo umboni ukukana. Kafukufuku wa maiko ambiri amaonetsa kuti kumene lamulo limaletsa, chiwerengero cha ochotsa mimba sichisiyana kwenikweni ndi kumene limalola. Ku Romania, Nicolae Ceaușescu ataletsa kuchotsa mimba mu 1966, ana obadwa anachuluka kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako chiwerengero chinayamba kutsikanso, ndipo amayi pafupifupi 10,000 anafa pofika 1989. Chimene chimachepetsadi kuchotsa mimba ndi kuchepetsa mimba zosakonzekera, zomwe ku Malawi mu 2015 zinali 53 mwa 100 zilizonse. Imeneyo ndi nkhani ya njira zolera, ya sukulu, ndi ya amuna amene amapereka mimba n'kuzimitsa foni.

Mfundo yachiwiri ndi ya zaumoyo, ndipo ndimaiona ngati yamphamvu kwambiri. Malangizo a WHO amaganiza za mayi wodziwa tsiku limene anasamba komaliza, wodziwa kuwerenga, wokhala pafupi ndi chipatala. Nanga mtsikana wa kumudzi amene chipatala chili pa mtunda wa makilomita 20, njira yake ya kabaza, magazi ake ochepa kale chifukwa cha malungo ndi zakudya zosakwana? Nanga ngati mimba yakhala kunja kwa chiberekero, m'njira ya mazira? Mapiritsiwa sagwira pa mimba yotero, ndipo njirayo ikaphulika munthu angafe tsiku lomwelo. Nanga piritsi likalephera mimba n'kupitirira? Madokotala a ku Brazil omwewo anaona kuti ana ena obadwa pambuyo pake ankakhala ndi vuto la mitsempha ya nkhope lotchedwa Möbius, ngakhale kuti si kawirikawiri. Zonsezi n'zoona, ndipo amene amalankhula za piritsi ngati panado akunama. Koma taonani kumene zoopsazi zikulozera. Chilichonse mwa izo chimachepa munthu akayezedwa, akauzidwa zoona, akafika msanga kuchipatala. Mtsikana wa kumudzi uja sakusankha pakati pa piritsi ndi dokotala. Akusankha pakati pa piritsi ndi kamtengo ka chinangwa, ndipo kumubisira zoona sikumufupikitsira makilomita 20 aja.

Ena amati kulola uthenga wotere kukulitsa chiwerewere. Mfundo imeneyi inanenedwanso pa makondomu m'zaka zimene Edzi inkatimaliza, ndipo manda a zaka zimenezo anaiyankha. Mfundo yokhala ndi nzeru ndi ya nkhanza: mwamuna, kholo kapena mphunzitsi angathe kukakamiza mtsikana kumwa mankhwala kuti abise mlandu wake. Zimachitika, ndipo wochita zimenezo ayenera kumangidwa. Koma nkhanza yotere imakula bwino mu mdima. Namwino amene angacheze ndi mtsikana payekha, chitseko chotseka, ndi amene angadziwe ngati akufuna yekha kapena akukankhidwa. Venda sadzafunsa.

Maiko otizungulira anayenda njira zosiyana. Zambia ili ndi lamulo la 1972 lolola kuchotsa mimba pa zifukwa zingapo, ngakhale kuti kufuna siginecha za madokotala atatu kumalisandutsa lamulo la papepala kumadera akumidzi. South Africa inaloleza mu 1996, Mozambique mu 2014 mpaka masabata 12. Ife tinavomereza mgwirizano wa Maputo wa 2003, womwe umati maiko alole kuchotsa mimba ngati mayi wagwiriridwa, wapatsidwa mimba ndi wachibale, kapena moyo ndi thanzi lake zili pangozi. Nthambi yoona za malamulo inalemba bilu yotsatira mfundo zimenezi, koma phungu Matthews Ngwale atafuna kuibweretsa m'Nyumba ya Malamulo mu Malichi 2021, aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Mu Okutobala 2025 Khoti Lalikulu linagamula kuti mtsikana wamng'ono amene anatenga mimba atagwiriridwa anaphwanyiridwa ufulu pokanizidwa chithandizo. Tinene mosabisa kuti ngakhale bilu ija itadutsa mawa, amayi ambiri mwa 141,000 aja sakanalowa m'zifukwa zake: mayi wa ana asanu amene mimba yamugwera khanda likadali kumsana, mtsikana wa Fomu 3 amene chibwenzi chamukana. Iwowa adzapitirizabe kufunafuna piritsi.

N'chifukwa chake phunziro la Uruguay likutikhudza kuposa mkangano wa bilu. Silidikira aphungu. Chithandizo kwa mayi amene wachotsa kale mimba kapena wapita padera n'chololedwa m'zipatala zathu, ndipo pa mayi womwa mapiritsi, dokotala sangasiyanitse ndi maso ngati wapita padera mwachilengedwe kapena ayi. Chithandizo chake n'chimodzimodzi. Amayi ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena amene amadziwa amaopa kulalatiridwa pa mzere kapena kuitaniridwa apolisi, choncho amagona kunyumba masiku atatu akuyaka thupi. Unduna wa Zaumoyo ungathe kulengeza pa wailesi, m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, zizindikiro zimene mayi wotaya magazi ayenera kuthamangira nazo kuchipatala, ndiponso kuti akafika sadzafunsidwa mafunso a kupolisi. Ungathenso kulembera anamwino ndi azamba momveka bwino zimene angayankhe mtsikana akawafunsa za mapiritsi ali m'manja mwake, asanamwe. Pakali pano ambiri a iwo, poopa ndime 151 ndi ntchito yawo, amangomuuza kuti apite.